Malume Agustino ndi nkhalamba ya malalanje

Ndiyambe ndanena kuti ine si wachipatala, ndine mphunzitsi wa sitandade 6. Ngati pena ndalakwitsa pa za mankhwala, odziwa andikhululukire. A Agustino amene ndikulemba za iwowa ndi malume anga, ndipo ndinawawerengera zonsezi asanandilole kuzitulutsa.

Malume ndi mlimi wa fodya kwa Msakambewa. Alima zaka makumi atatu ndi zinayi, ngakhale iwo amati ndi zisanu. M'mudzi amadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kupachika fodya m'chigafa, chifukwa mikangala ya pamwamba ankaifikira osakwera pa kanthu. Chachiwiri ndi ulemu. Ngakhale wa m'golosale ku Mponela akamawapatsa machesi, iwo amalandira ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, maondo atapinda pang'ono.

Zaka zitatu zapitazo phewa lamanja linayamba kuwawa, ndipo silinasiye. Anamwa mapiritsi, anapaka mafuta, koma chaka chatha dzanja linkangothera pakhutu. Fodya anawapachikira ndi alamu awo. Ndiye mwana wawo Bryson, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anaimba foni.

"Bambo, dzanjalo likapanda kukwera pofika Khirisimasi, munda tiwasiyire alamu anuwo. Inu ndi amayi mubwere kuno, chipinda ndakonza kale."

"Ndikakhale pakhonde ngati maluwa a m'chitini?" anatero malume. Koma anavomera.

Mu Okutobala anawatumiza ku mafizo pa kachipatala kena kuno ku Dowa, komwe sindikatchula. Kumeneko anapeza a Priscilla, dokotala wachitsikana, ali ndi chinthu chimene ine ndinali ndisanachionepo. Ndi kanema wamkulu, pamwamba pake pali kakamera. Munthu ukaima patsogolo pake, chithunzi cha pakanemapo chimachita zimene ukuchita, ndipo makinawo amayeza pamene dzanja lafika. A Priscilla anafotokoza kuti wodwala nthawi yaitali amaopa ululu usanabwere n'komwe, koma akatanganidwa ndi masewera amaiwalako mantha, dzanja n'kumapita patali kuposa pongomuuza kuti kwezani.

Gemu imene anawaikira malume inali ya nkhalamba ya imvi itaima pamakwerero mumtengo wa malalanje. Nkhalambayo imakupatsa lalanje, iwe n'kulandira, lotsatira limabwera pamwambako pang'ono.

Chodabwitsa chinali ichi. Kunyumba zinkaoneka kuti zikusintha. Akazi awo anandiuza kuti tsiku lina malume anatsitsa okha chipewa pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Koma kuchipatala, masabata atatu, nambala ya makina sinasunthe. A Priscilla anawauza mosabisa kuti dzanja silikupitirira phewa, komanso kuti akumalichirikiza ndi linzake, kusonyeza kuti ululu ukadali waukulu.

"Sabata yamawa zikakhala chonchi ndikulemberani kalata, mukaonane ndi madokotala ku Lilongwe."

Malume atamva dzina la Lilongwe anangotola chipewa n'kukakwera minibasi yobwerera kunyumba.

Sabata yachinayi ndinapempha kwa ahedi n'kuwaperekeza. Ndivomere kuti china chimene chinandikoka ndi makinawo, ndinkafuna kudzionera ndekha. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi zenera. Nkhalamba inatambasula lalanje. Malume anapinda maondo, anagwira chigongono, n'kulandira. Linabwera lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu linali pamwamba, sanalifikire, linagwa. Ndinawamva akunong'ona kuti pepani.

Ndinazengereza, poti si bwino kulowerera ntchito ya eni ake. Koma ndinafunsa.

"Malume, likuwawa kwambiri?"

"Ngati masiku onse, pang'ono."

"Nanga lamanzerelo likutani pachigongono?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Aphunzitsi, ndilandire ndi dzanja limodzi kwa munthu wa imvi? Ana a eni mumawaphunzitsa zotani kusukuluko?"

A Priscilla anagwira pakamwa.

"Bambo, ameneyutu si munthu, ndi chojambula!"

"Ndikudziwa, mwana wanga, sindine wopusa. Komatu akundipatsa."

"Ndiye masabata atatu onsewa mwakhala mukupereka ulemu?"

"Inu mumati ndikutani?"

A Priscilla anaseka mpaka kukhala pampando. Kenako anati naonso amalandira choncho kwa apongozi awo, kungoti maso awo anali pa nambala, ndipo odwala phewa ambiri amagwiradi dzanja motero chifukwa cha ululu. Ndinayesa ndekha nditafika kunyumba, ndipo ndi zoona: ukagwira chigongono n'kuwerama, dzanja silipitirira phewa ngakhale uli bwinobwino.

A Priscilla anafufuza m'makinamo gemu yopanda munthu. Anapeza ya mbalame zakuda zimene zimatera pa mbewu, iwe n'kumazipirikitsa.

"Akhwangwala!" anatero malume. "Awa ndiye ndilibe nawo chibale."

Yoyamba anaimenya ikudutsa cha pachifuwa pawo, yachiwiri cha pamutu pawo. Yachitatu inadutsa pamwamba, ndipo dzanja linaitsatira mpaka kupitirira chipewa.

"Choka, wakuba iwe! Mayo!"

Mayo ameneyo anali wa ululu weniweni, sindikufuna kunama. Anakhala pansi akusisita phewa. Koma a Priscilla anawaonetsa nambala, ndipo kalata ija sinalembedwe. Anawalangiza kuti azipita nazo pang'onopang'ono, kawiri pa sabata, ndipo malume sanajombe.

Pa Khirisimasi Bryson anabwera. Asanalandire n'komwe madzi, bambo ake anamutengera kuchigafa, anakweza dzanja n'kugwira mkangala wa mzere wachiwiri. Wa pamwamba sanaufikire, ndipo sanayerekeze.

"Likuwawabe?" anafunsa Bryson.

"Likuwawa. Kodi unati likasiya kuwawa, kapena likakwera?"

Bryson anakanda m'mutu, n'kunena kuti anati likakwera.

Mu Febuluwale malume anapachika okha mizere iwiri ya m'munsi, ya pamwamba anawathandiza alamu awo. Phewa limawavutabe kukazizira, ndipo a Priscilla akuti mwina silidzatheratu. Munda ukadali wawo. Chipinda chija ku Lilongwe, ndamva kuti Bryson akusungiramo matumba a mtedza amene bambo ake anamupatsa pobwerera.