Ndinati Ndadina Kale

Mwana wanga Tisa amagwira ntchito pa kampani yosunga zinthu za m'mafoni a anthu, kuti foni ikatayika zinthuzo zisatayike nayo. Anayamba ali ochepa m'kachipinda kamodzi, lero atsegula ofesi mpaka ku Kitwe. Ndimadzitama naye kutchalitchi, koma ndinamunamiza.

Anandiikira pulogalamu yawo m'foni, nati, "Batata, mukafika kunyumba ku George mudine apa pobiriwira, vonse vizasungika."

Ine sindinadine. M'fonimo munali mauthenga a mawu a malemu amayi ake, ambiri ondikalipira kuti ndaiwala mankhwala a shuga. Sindinafune kuti anzake a ku ofesi amve munthu wamkulu ngati ine akukalipiridwa. Atandifunsa ndinati ndadina kale, ndipo ndinamudzudzula chifukwa chondifunsa kawiri.

Lolemba foniyo inagwera mumgolo pakiyosiki yogulitsira madzi, ndipo sinayakenso.

"Osadandaula batata, vonse vilipo," anatero Tisa. "Pa Sondo nizabwela na foni yanyowani, timvele bamayo tonse pamodzi."

Waitananso azing'ono ake. Ndavala jekete katatu kuti ndikamuuze zoona, ndipo katatu konse ndabwerera pa siteshoni ya minibasi. Lero ndi Loweruka.