Baratu Si Mkazi

Tsiku limenelo pa malire pa Mwanza tinalipo ine, mayi a kunyumba kwanga, mwana wanga wamwamuna, anzake awiri amene ankaimba ndi kuvina nawo, mtsikana amene ankafuna kumukwatira, ndi amalume ake a mtsikanayo, bambo a ku Blantyre ovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Iwo anabwera kudzathetsa chinkhoswe. Ine ndinali nditalumbira kuti sichitha ndili moyo.

Ndiyambe bwino. Ine ntchito yanga ndi manachesi. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma mawu Mulungu anandipatsa, osati pang'ono. Ndikakuwa pa malire, munthu wa ku Zobue, tsidya la Mozambiki, amatembenuka. Madalaivala a mathiraki ochokera ku Mozambiki ndinkawaitana chonchi: "Baratu! Baratu wa ku Mwanza, wotsekemera! Osandipitirira!" Baratu ndi Chipwitikizi, ndiye kuti zotchipa. Kuno ngakhale mbuzi zimadziwa.

Inali nthawi ya makaseti. Mwana wangayo ndi anzakewo anapeza kiyibodi yakutha, n'kumachita phokoso kuseri kwa nyumba yanga mpaka nkhuku zinasamuka. Anatenga kuitana kwanga kuja n'kukuika m'nyimbo. Kavinidwe kakenso n'kanga: kuwerama, kunyamula dengu, kulisenza pamutu, kenako kugwedeza m'chiuno. Kugwedezako ndiye anawonjezera okha.

Atakajambula ku Blantyre, nyimbo ija inalowa m'pulogalamu ya Loweruka pa wailesi, imene amawerenga nyimbo kuyambira pansi kupita pamwamba. Inayambira pansi penipeni. Loweruka lililonse tinkaunjikana pa wailesi ya wosoka nsapato, ikukwera, ikukwera, mpaka tinamva kuti nambala wani. Ndinakuwa moti wapolisi anatuluka mu ofesi. M'maminibasi Baratu, m'maukwati Baratu, ana a sukulu akusenza dengu losaoneka m'misewu.

Vuto linabwera ndi muulutsi. Anafunsa mwana wanga pa wailesi kuti, "Kodi Baratu ameneyu, wotsekemera chonchi, ndi mtsikana wa kuti?" Mwana wanga m'malo monena zoona anaseka, amvekere, "Chimenecho ndi chinsinsi, achimwene." Anzake anamunamiza kuti makaseti ayenda bwino akatero. Anayendadi. Koma amalume aja nawonso anali ndi wailesi.

Anafika pakhomo panga ndi mtsikanayo, maso ake atatupa.

"Mwana wathu sangapikisane ndi mkazi amene dziko lonse likumuvinira," anatero.

Ndinafotokoza za manachesi. Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Inu ndinu bambo ake, mukumuikira kumbuyo. Nachesi amauzidwa kuti osandipitirira?"

Apa sindinatalikitse. Ndinadzaza dengu, n'kusenza. "Tiyeni nonse. Amene atsale, ndiye wabodza."

Pa malire mathiraki anali atandandalika kudikira mapepala. Ndinatula dengu, n'kuwauza amalumewo kuti, "Sankhani nokha dalaivala, musadzati ndinamugula."

Anayenda ndi jekete yawo ija, kusuzumira uku ndi uku, n'kuloza wina wandevu amene ankatsuka mapazi pansi pa thiraki yake.

"Pepani bambo, kodi Baratu mumamudziwa?"

"Baratu wa chiyani, papa? Dizilo? Matayala?"

"Mkazi."

Dalaivala uja anaseka mpaka kugwetsa chigubu. "Mkazi baratu? Iii papa, ndi jekete yabwino chonchi? Pitani kutchalitchi!"

Osintha ndalama anayamba kuyandikira, amayi a mandasi nawonso. Amalume nkhope inagwa, koma sanagonje. Amvekere mwina dalaivalayo sanamve bwino Chichewa.

Basi ndinakokera mpweya. Ndinakuwa monga ndinkakuwira kale, mwana wanga asanabadwe: "Baratuuu! Baratu wa ku Mwanza, wotsekemera! Osandipitirira!"

Zitseko za mathiraki zinatseguka mzere wonse. Wina analiza hutala. Anthu akuluakulu, a mimba zawo, anatsika n'kuthamangira dengu langa, ena akuvina kavinidwe kaja, ena akukuwa kuti, "Madala, mundisungire okhwima!" Posakhalitsa m'dengu munatsala masamba ndi nachesi mmodzi wophwanyika mbali. Ndinamutola n'kuwapatsa amalume m'manja.

"Mkazi uja ndi ameneyu. Mufunseni mafunso anu."

Anamutembenuza, kumununkhiza, kenako anayamba kusenda. Mayi a kunyumba anaphimba pakamwa ndi chitenje. Mtsikana uja sanaseke ayi. Anayang'ana mwana wanga n'kunena kuti, "Pa wailesi pomwe munanamapo, mukanenenso pomwepo. Loweruka lomwe lino."

Mnzake wina wa mwana wanga anayamba zoti makaseti atsika. Ndinamuyang'ana kamodzi, anameza mawu ake. Mwana wanga anati akanena, ndipo anakanenadi, dziko lonse likumva.

Amalume anatafuna, kulavula njere, n'kupukuta zala pa jekete.

"Asewele," anatero kwa ine, koyamba kunditchula choncho, "tsiku la chinkhoswe lija lisasinthe."

Pobwerera, mwana wanga anandilanda dengu n'kusenza yekha, woimba wa nambala wani, anthu akuona. Tinayenda mpaka pa mlatho. Kenako anati:

"Ababa, pa ukwati wanga sitibwereka zokuzira mawu. Mudzaitana anthu ndinu."