Amuna anga atasiya kudya kunyumba

Chizindikiro choyamba chimene ndinaona mwa amuna anga, abambo a Tadala, chinali chakuti sankamaliza kanthu. Iwo ndi makaniki wa njinga zamoto pa Msundwe, ndipo luso ali nalo ndithu. Koma ankamasula injini ya munthu, asanaibwezere n'kuyamba ina, asanafike nayo patali n'kunyamuka kukaona chimene chasonkhanitsa anthu kumsika. Masipanala ankasowa tsiku ndi tsiku. Kunyumba ndikamalankhula nawo, maso ankakhala pa ine koma mutu uli kwina, mwendo ukungogwedera. Tsiku lina anandisiya kuchigayo ndi thumba la ufa, akuti akubwera pompano, n'kudzandikumbukira dzuwa litalowa. Abale anga ankati ndinakwatiwa ndi kamvuluvulu, ine n'kumangoti ndi mmene analengedwera.

Zinthu zinafika poipa nyengo yokolola. Anakonza njinga ya bambo wina wa kabaza n'kuiwala kumangitsa mabuleki. Bamboyo anagwa pamtsetse, nasupuka mkono ndi mwendo, ndipo anzake onse anasiya kubweretsa njinga zawo. Amuna anga anayamba kusowa tulo, mutu kuwawa, mtima kuthamanga. Tinapita kuchipatala cha mishoni tikuganiza kuti ndi malungo, koma atawayeza magazi sanapeze kanthu. Adokotala a kumeneko anawafunsa mafunso ambiri, mpaka za ubwana wawo, za mmene ankakwapulidwira kusukulu chifukwa chosakhazikika. Pomaliza anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, mbali yoona za matenda a maganizo.

Kumeneko munthu umaphunzira kudikira. Umafika m'mawa, kupereka buku lako kwa anamwino, kukhala pabenchi, kuitanidwa kukayezedwa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi, kenako kubwereranso pabenchi pomwepo. Tinapitako kangapo, ndipo ulendo wina anati tibwere ndi munthu amene anakula nawo, choncho tinatenga achimwene awo a ku Kabudula. Tsiku lopereka mankhwala tinali awiri basi, ndi Tadala kumbuyo. Dzina lawo litaitanidwa mwana anali akulira kwambiri, ndiye ine ndinatsala panja ndikumutonthoza. Potuluka amuna anga anandiuza kuti vuto lawo dzina lake ndi ADHD, kuti ubongo wawo umavutika kukhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo azimwa piritsi m'mawa uliwonse. Zina zonse zimene adokotala ananena anaziiwala, zinatsalira pampando pomwepo.

Mankhwalawo anagwira. Njinga zinayamba kutuluka zitatha, a kabaza anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Azimayi anzanga akamachokera kumsika ankandiuza kuti, "Amuna anu aja asintha, afatsa bwanji." Ine ndinkangomwetulira, koma munthu wofatsayo sindinkamudziwa. Amene ankafika kunyumba madzulo anali wotopa, wosafuna kulankhula, wokwiya msanga mwana akapanga phokoso. Ndipo sankadya. Chakudya chamasana chimene ndinkawapakirira chinkabwerera chili chomwecho, madzulo ankangotsina pang'ono n'kusamba m'manja.

Kwathu kuno mwamuna akamakana chakudya cha mkazi wake ndiye kuti wadya kwina, ndipo aliyense amadziwa kuti kwinako si ku lesitilanti. Amuna anga ndi mkamwini, tikukhala m'mudzi mwathu, khomo lathu lapenyana ndi la amayi anga. Mbale ikatuluka yodzaza onse ankaiona. Amayi ankangoyang'ana mbaleyo kenako n'kuyang'ana ine.

Tsiku la msika ndinapita ku Msundwe osawauza, ndinaima kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Ndinawaona atakhala pansi phee, sipanala ili m'manja, akumvetsera Nachisale, mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi shedi yawo. Mayiyo ankafotokoza zinazake zazitali, akuloza uku ndi uku, ndipo amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako mayiyo anawapatsa kapu ya tiyi, iwo n'kulandira ndi manja awiri. Nsanje inandigwira. Ine amene ndinapirira zaka zonsezi, ine amene ndinaiwalidwa kuchigayo, sanandimvetserepo nkhani mpaka kumapeto. Ndinakhala nawo pamabenchi a kuchipatala kuti kufatsako akakudyerere wina.

Nkhani ndinaitengera kwa ankhoswe. Mbali yanga anali amalume, mbali yawo achimwene awo aja. Atafunsidwa kumene amadya, amuna anga anati sadya kulikonse, njala sakuimva basi. Palibe anakhulupirira, ngakhale thalauza inali itayamba kuwakhwepa m'chiuno. Achimwene awo anati mwina ndi mapiritsi aja. Amalume anayankha kuti ngati ndi choncho awasiye, chifukwa mankhwala okanitsa munthu chakudya cha pakhomo pake si mankhwala. Anagamula kuti mkamwini adye pakhomo, apo ayi anyamule zake abwerere ku Kabudula.

Mapiritsi aja anawasiyadi, osafunsa kuchipatala. Njala inabwerera, mbale zinayamba kutuluka zoyera, ndipo ine ndinkazitsukira panja kuti amayi aone. Koma sipanapite nthawi, injini zomasula zinadzazanso m'shedi, makasitomala anayambanso kubwera kunyumba kudzakalipa. Tsiku lina masana ndinawapeza akulonga masipanala m'thumba la feteleza pamodzi ndi zovala zawo.

"Amake Tadala," anatero, "ndikamwa mukuti ndili ndi mkazi wina, ndikasiya ntchito ikutha. Ndipite kwathu basi, mupume."

Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandiopsa. Ndinawapempha kuti tikaonane kaye ndi adokotala, akapita apite pambuyo pake. Ulendo umenewo Tadala ndinamusiyira amayi, ndipo dzina litaitanidwa ndinalowa nawo.

Adokotala anali mayi wachikulire. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za kapu ya tiyi, ndipo sanaseke. Anati mankhwala amenewa akamagwira ntchito m'thupi amachotsa chilakolako cha chakudya, ndipo zimenezi anali atawauza kale amuna anga. Anati mphamvu yake imatha dzuwa likamapendeka, ndipo ikamatha munthu amatopa, ena amakwiya msanga, njala n'kudzabwerera mochedwa. Anatidzudzula chifukwa chosiya mankhwala tokha. Anasintha mlingo wake, nati azidya mokwanira m'mawa asanamwe piritsi, ndipo madzulo ndisamawakakamize kudya nthawi imene ena onse akudya.

Ndinafunsa funso limene linkandiwawa: ndiye kuti kufatsa konseko kuzithera pa Msundwe, ine ndizilandira zotsala?

"Mankhwala sasankha malo, mayi," anatero adokotala. "Amagwira kumene munthuyo ali."

Ndinatuluka ndikudziwa kuti mkazi wina kulibe, koma mtima sunatsike. Bola akanakhala mkazi, ndikanadziwa pokamupeza. Amene ankandilanda mwamuna anali a kabaza, ogaya chimanga, aphunzitsi a njinga zakutha, aliyense wofika pa shedi dzuwa lisanapendeke.

Kwa amalume anakafotokoza ndi achimwene awo, ndipo chigamulo chija chinachotsedwa, ngakhale amalume mpaka lero amati matenda a masiku ano ndi odabwitsa. Tsopano ndimadzuka m'mamawa kuphika nsima ndi ndiwo zenizeni, anansi n'kumandiseka kuti kwathu tsiku limayambira kumapeto. Madzulo chakudya chawo ndimavundikira, amadya okha njala ikabwera. Thupi labwerera, tulo akugona, mutu unasiya kuwawa. Kuchipatala timapita mwezi ndi mwezi, amawayeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Nthawi zina mankhwala sapezeka, ndipo masabata amenewo amakhala ovuta kwa tonse. Kuiwala sikunatheretu, ndipo adokotala anatiuza poyera kuti vutoli silichira, limangosamalidwa.

Ine ndinachitapo changa. Benchi yanga ya tomato, imene inali pamsewu wa m'mudzi, ndinainyamula n'kukaiika pafupi ndi shedi yawo. Malonda a pamenepo si abwino kuposa akale, koma sindinapitire tomato. Nachisale amandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine ndimayankha, zimathera pomwepo. Nkhani zonse zofunika za pakhomo, za munda, za mwana, ndimazisunga mpaka cha m'ma teni m'mawa, mankhwala atayamba kugwira, n'kukhala pa tayala lakutha pambali pawo ndikudikira kuti amalize kumanga chimene akumanga.

Kwa amene muli ndi munthu wosakhazikika chonchi, mwana kapena wamkulu, musadikire kuti wina agwe pamtsetse. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo mankhwala akakudabwitsani kafunseni komweko musanapite kwa ankhoswe. Dzina lake likaitanidwa musatsale pabenchi, lowani mukamve ndi makutu anu. Amuna anga ali bwino ndipo ali pakhomo, koma nsanje yanga sinathe. Mkazi wa m'nyumba ndine, koma kuti andimvetsere ndimaima pamzere pamodzi ndi a kabaza, ndipo wina akafuna kundidutsa ndimamuuza kuti ndinafika kale.