Mlendo Wogula Manachesi

Wailesi yathu inali yofiira, yothyoka mlongoti, ndipo amalume anasomekamo sipoko ya njinga kuti izigwirabe. Inkakhala pazenera loyang'ana njira ya ku Thambani. Masana ndikaweruka kusukulu tinkamvera pulogalamu ya moni. Muulutsi wake anali bambo wanthabwala, woseka asanamalize n'komwe mawu. Amayi ankati munthu woseka chotero ali ndi chimene akubisa. Chaka chimenecho amayi ankakayikira aliyense.

Inali nyengo ya manachesi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mphekesera za anamapopa zinali zitafika kwathu. Ankati amayenda ndi majakisoni, kupopa anthu magazi. Palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene mnzake anawaona. Aphunzitsi atatiuza kuti ndi bodza, makolo anayamba kunong'onezana kuti iwowo, poti ndi obwera, mwina akudya nawo.

Loweruka lina amayi ali kumunda kukumba mtedza, panafika bambo wowonda wa chikwama chakuda, milomo itauma gwa. Anati akufunafuna opikulitsa manachesi, ndipo anapempha madzi. Ndinagwada n'kumupatsa kapu. Anamwa onse, nati, "Zikomo, mayi wanga." Kenako anakhala pansi pa mtengo, nakweza malaya, natulutsa jakisoni n'kudzibaya pamimba.

Ndinataya kapu. Ndinathamanga ndikukuwa, "Namapopa! Namapopa!" mpaka pamalo pamene amalume ndi anzawo ankaumba njerwa. Amayi anatulukira, khasu lili m'manja, nandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinamva malikhweru, agalu, ndi mapazi ambiri akutsikira kudambo. Amalume anabwera dzuwa litapendeka. Anasamba nthawi yaitali, ndipo sanadye.

"Tamuthamangitsa, wathawa," anatero. Ndinakhulupirira, ndipo kunena zoona ndinkayenda monyada.

Lachinayi muulutsi uja sanaseke. Anawerenga makalata awiri, kenako anangoti zii, mpaka amayi anamenya wailesi poganiza kuti mabatire atha.

"Omvera, mundikhululukire," anatero. "Lero uthenga ndi wanga. Dzulo taika m'manda mng'ono wanga. Anapita ku Mwanza kukagula manachesi oti adzagulitse m'tauni. Anali ndi matenda a shuga, ankadzibaya yekha mankhwala. Anamupeza atagona kudambo. Sindikufunsa dzina la munthu. Matendawa amachititsa ludzu, ndiye amayi athu akungofunsa ngati alipo anamupatsako madzi."

Amalume anadzuka pampando. "Msampha umenewo! Amutuma apolisi. Misozi ya pa wailesi anaionapo ndani?"

Anthu oyandikana nafe anavomerezana nawo. Ena ankati mng'ono wakeyo kulibe, ena ankati alipo koma anali namapopa ndithu. Amayi anazimitsa wailesi. Anachotsa mabatire n'kuwamanga kunsonga ya chitenje.

Masabata otsatirawo anthu analeka kuyenderana. Amayi akafika pamjigo, nkhani zinkatha, akachokapo, zinkayambanso. Aliyense ankayang'anitsitsa amene wavala bwino kupita ku boma, n'kumufunsa chimene akukachitako. Ogula sanabwerenso, ndipo manachesi ankagwa okha n'kuwolera pansi. Mpaka lero fungo lowawasa lija limandinyansa. Amalume anapita kwa akuchikazi ku Zobue, kutsidya kwa malire, ati kukathandiza kufolera nyumba, ndipo sanabwereko chaka chonsecho. Aphunzitsi anayamba kundiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumayesa kuti ayamba kundida.

Funso la muulutsi silinandichoke m'mutu, chifukwa yankho ndinali nalo. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba: "Ine ndinamupatsa madzi bambo wa chikwama chakuda. Anamwa onse. Anati zikomo." Ndinalemba dzina langa ndi la mudzi wathu, n'kupatsa amayi kuti atumize kudzera kwa opita ku boma.

Amayi anawerenga kawiri. Anaponya pepalalo pamoto, nandigwira m'mapewa mpaka zikhadabo zinandilowa.

"Tsiku lija unali ndi ine kumunda. Bwereza."

"Koma amayi, ndinamupatsa..."

"Bwereza!"

Ndinabwereza katatu. Kuyambira tsiku limenelo ankandiperekeza kusukulu, n'kudzanditenga poweruka, ngati mwana wa Sitandade 1.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo sinditha kunena molimba mtima kuti ndikanaitumiza kalata ija. Komabe gogo uja, mayi wa muulutsi, ayenera kuti anamwalira osamva yankho, ndipo zimenezo sindinazikhululukire, ngakhale sindidziwa woti ndimukhululukire.

Nthawi imeneyo ndinawanyanyalira amayi sabata yathunthu. Ndinkaganiza kuti akundimana mwayi womva dzina langa pa wailesi, n'kuyamikiridwa chifukwa cha ulemu wanga. Ndinali wotsimikiza kuti bambo uja anafa ndi shuga, atatopa ndi kuthamanga. Sindinamvetse chifukwa chenicheni chimene amayi anawotchera kalata ija, kapena chifukwa chimene m'mudzi monse, mwa anthu onse okayikirana aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo kuti anayamba kukuwa ndani.