Kamwala Kosenda ndi Selotepi

Injini ya bwato langa itafa, ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita ku Joni. Iye anati, "Ndi imvi zimenezi? Akakulembani yoopseza mbalame m'munda." Zainabu, chitsirizira chathu, anali mu Sitandade 2.

Ndinapeza ntchito yosesa pa yunivesite ina. M'chipinda chimene ndinkasesa, anthu a madigiri ankatha tsiku lonse akusenda kamwala ndi selotepi. Kamwalako n'kotuwa, konyezimira ngati mtima wa pensulo, dzina lake lothyola lilime: molibudenamu dayisalufaidi. Ine ndinkangoti moli. Umamata selotepi, n'kumatula, kumatanso, mpaka patsale kakhungu kamodzi kosaoneka ndi maso. Kakapyapyala chonchi m'pamene kamawala akakaunika ndi nyali yawo, ndipo kamatsegula ndi kutseka magetsi ngati kaswichi. Ankati tsiku lina kadzalowa m'mafoni opindika ngati tsamba la nthochi.

Mayi wina wamkulu pamenepo anandiona ndikusoka thumba, ndiye anandiyesa pa ntchito yosendayo. Zala zozolowera ukonde sizinjenjemera. Ndinayamba kusenda nawo, koma malipiro ake omwe aja a tsache.

Ndalama ndinkatumiza, mawu ayi. Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga, foni ili m'manja. Mwana ungamuuze chiyani? Kuti bambo ako akusenda mwala?

Patatha zaka zisanu ndi zinayi ndinabwerera kwathu ku Mwadzama. Nditafotokoza padoko, anzanga anaseka mpaka kugubuduka pamchenga. "Bodza lanu lija lalowa sukulu tsopano!" Sindiwadandaula, ndine amene ndinawauzapo za kampango wondikokera bwato mpaka ku Likoma. Chinandipweteka n'chakuti Zainabu, tsopano wa Fomu 3, ankandilonjera ngati mlendo: "Mwaswera bwanji, akulu?"

Tsiku lina anandipeza ndikupaka girisi wakuda pa injini ya mlamu wanga. Anatola chitini cha girisiyo, n'kuwerenga, n'kudinadina foni yake kanthawi.

"Kamwala kanu kaja kali mu girisi uyu," anatero. "Moli. Za selotepinso n'zoona."

Ha! Ndiye kuti ndinadutsa malire atatu kukaona chinthu chimene chinali kale m'zikhadabo mwanga.

"Nanga bwanji simunkandiuza pafoni?"

Ndinafunafuna bodza, ine katswiri, koma silinabwere.

M'mawa mwake anandipeza pakhonde, selotepi kudzanja ili, pensulo yothyoka kudzanja linalo.

"Ababa, tandionetsani mmene munkachitira."