Adada Ankawerenga Atatsinzina

Amama anasiya kuona chaka chimene mapeyala a kuseri kwa nyumba yathu ku Katawa anabereka mpaka kuthyola nthambi. Kuyambira pamenepo maso awo anali adada. M'mawa uliwonse, akamwa tiyi, ankakhala pakhonde awiriwiri, nkhungu ikuyendayenda m'mitengo ngati yasochera, adada n'kumawawerengera buku. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, koma mawu awo anali asanapume. Amama ali pomwepo, iwo ankawerenga ngati kumbuyo kuli ana ena amene sakumva.

Mabuku a m'nyumba atatha, ena kawiri, mng'ono wanga anawatumizira tabuleti kuchokera ku Blantyre, ataikamo mabuku ambirimbiri. Adada anailandira ndi manja awiri.

Ine ndinkakhala ku Geisha, ndipo ndinkawayendera Loweruka. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinafika osaodira, ndinangoima pakona pa nyumba kumvetsera. Buku limene anali nalo ndinkalidziwa. Linali la mayi wina wa kudziko la azungu amene ankadikira kalata ya mwamuna wake. Koma tsikulo mzunguyo anali atasenza dengu la chinangwa, akutsikira kudambo kukaviika. Mame anali kum'nyowetsa chitenje. Pansi pa mtengo wa mango anakumana ndi mphunzitsi wina wa njinga, amene anam'patsa moni wautali kuposa njira yomwe. Ndinaimirira pamenepo ngati ndikulota, fungo la chinangwa chovunda cha kwathu ku Nkhata Bay likundibwerera m'mphuno.

Kenako ndinasuzumira. Adada anali atatsinzina, misozi ikutsikira m'masaya, tabuleti ikuwala m'manja mwawo ngati nyali ya galimoto. Chala chawo chinkangotembenuza masamba osaonapo.

Ndinawakokera kuseri, kumapeyala kuja.

“Adada, maso atani?”

“Atha, mwana wanga, masabata atatu tsopano. Ngati muli mchenga. Kuwala ndakweza mpaka kumapeto, koma zilembo zikungosambira. Please, usawauze amama ako. Nane ndikachita khungu, adzawawerengera ndani?”

Ndinawamvera chisoni, komanso anandikwiyitsa chomene. Masabata atatu akuvutika okha, munthu wamkulu, mphunzitsi! Koma ndinadziwa kumene zinachokera. Tili ana, adada akatipeza tikuwerenga pa nyali ya parafini yothimathima, ankakweza chingwe n'kutikalipira kuti kuwerenga mumdima kumapha maso. Lamulo limenelo analisamutsira pa tabuleti. Maso akawawa, ankakweza kuwala. Akawawanso, ankakwezanso.

Ndinaitenga tabuletiyo, ndinatsitsa kuwala mpaka kufanana ndi kwa tsikulo, tsiku la mitambo. Tsamba loyera mbee ndinalisintha kukhala lachikasu pang'ono, longa pepala la buku lakale, ndipo zilembo ndinazikulitsa.

“Iwe, wandizimitsira nyali,” anatero adada. “Ukufuna kundimalizira maso?”

“Nyali ija inkawalira papepala, adada. Iyi ikuwalira m'maso mwanu.”

Anandiyang'ana monga ankayang'anira mwana amene wayankha bwino funso limene sanam'funse. Sanavomere. Anangoti ayesa, chifukwa ndakakamira. Ndinawauzanso kuti akamaliza tsamba azikweza mutu n'kuyang'ana kutali, kumapiri, maso apume. Lolemba ndinawaperekeza kuchipatala kukayezetsa maso, amama tinawauza kuti tikupita kumsika. Kumeneko anati maso angotopa basi, n'kuwalembera magalasi ena.

Loweruka lotsatira ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Kunkawaza kamvula kosanyowetsa. Adada anali akuwerenga, maso ali tsegu, ouma. Tsamba likatha ankaima, n'kuyang'ana kumene nkhungu inameza mapiri, ndipo m'kachetechete kameneko munkamveka madontho ogwa padenga. Mzungu uja anali atabwerera kwawo, ali pawindo kudikira kalata yake.

“Mwatandala uli, amama?” ndinawapatsa moni m'chiyankhulo cha kwathu.

“Makora, mwana wanga. Yewo chomene powachiza adada ako.”

Adada anaika tabuleti pamiyendo.

“Munkadziwa?”

“Munthu wosaona amamva, aphunzitsi. Tsiku loyamba lomwe ndinamva mawu anu akunjenjemera. Ndipo mzungu wanji woviika chinangwa?” Amama anaseka, kenako kuseka kunatha. “Ndinkaopa kufunsa. Ndinkati mwina mundiyankha zimene ndikuopazo.”

Adada anavula magalasi atsopano aja, anawapukuta ndi juzi, ngakhale anali oyera kale. Amama anapapasa pabenchi mpaka anapeza dzanja lawo.

“Werengani za mzungu wanuyo, timumalize,” anatero. “Koma mawa mutsinzinenso pang'ono. Mphunzitsi wa njinga uja munamusiya pansi pa mango asananene chimene anaimira.”