Mtengo wa Pabwalo la Amayi

Ndinanyamuka ku Manja Loweruka m'mawa, nditapsa mtima. Aneba athu, olemera dzana ndi malonda a matayala, anamanga mpanda wanjerwa wotalika ngati wa ndende, moti dzuwa limasuzumira pabwalo pathu masana okha. Amayi anga, chidwalireni sitiroko, amakhala pakhonde tsiku lonse maso ali pa njerwa zimenezo, ndipo ndinkaona kuti akufota. Ndinkafuna mtengo wopirira mthunzi, wosayoyola masamba, woti aziona chinthu chamoyo.

Minibasi ya ku Limbe inali ya masiku onse: chitseko chomanga ndi chingwe, anthu anayi pampando wa atatu. Kondakitala analandira K1,000 yanga ngati akundichitira chifundo.

Ku Limbe ndinapeza bambo wina atandandalika mbande za m'machubu m'mbali mwa msewu. Ndinaloza imodzi.

"Uwu umakula pamthunzi?"

"Kwambiri, bwana."

"Nanga padzuwa?"

"Ndiye kwawo kumeneko."

Ndikanafunsa za padenga la malata akanavomeranso. Mtengowo unali bulugamu, woti ndikabzale pakabwalo kamene kamadzaza ndi zitenje ziwiri zoyanika. Ndinamusiya ndi bodza lake, n'kukagula chimanga chootcha cholimba ngati miyala.

Chakumasana ndinakwera ya m'tauni yodzera ku Chitawira. Dalaivala, mkulu wa kachipewa koyera, atamva nkhani yanga anaseka.

"Bzalani mango, achimwene. Mtengo wosadyedwa ndi wa azungu."

Malangizo aulere mumzinda muno ndi ambiri kuposa madzi a m'mipopi.

Nditatsika m'tauni ndinayenda wapansi kukwera kumayadi, kumene agalu amanenepa kuposa alonda. Kuseri kwa mpanda wina amagulitsa maluwa. Mwini wake, mayi wa magalasi akuda, ankalankhula Chichewa ngati chikumuwotcha lilime. Anandiyang'ana nsapato kaye, kenako anandionetsa kamtengo kosongoka, ka masamba ang'onoang'ono obiriwira bwino, n'kutchula dzina lachizungu lalitali. Anati sikayoyola ndipo mthunzi sikauopa. Ndinapereka ndalama yoti ndikanadyera nyama sabata yathunthu, ndipo ndinatuluka ndikudzimva kuti ndine munthu wozindikira.

Pobwerera ndinakwera ya ku Chilobwe, kamtengo kali pamiyendo. Mayi wina wachikulire, wovala chitenje cha mpingo, anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Pepanitu bambo. Zachitikira kuti?"

"Zachitika zotani?"

Anangoti "Oo," n'kutembenukira pawindo. Mumtima ndinati awa ndi aja amadziwa maliro a mzinda wonse koma za m'nyumba mwawo ayi.

Ndinafika dzuwa litabisala kale kuseri kwa mpanda uja. Amayi anali pampando pawo. Ndinagwada n'kuika kamtengo pamapazi awo.

"Amayi, ndakubweretserani choti muziyang'ana."

Anatambasula dzanja lomwe likugwirabe ntchito, anathyola kansonga, anafikisa ndi zala, n'kununkhiza.

"Mkungudza," anatero pang'onopang'ono, poti lilime limawalemerabe. "Timalukira nkhata za maliro. Ndaluka zambiri ine ndi amayi a Mvano."

Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Nkhata amaluka ndi amayi. Ife abambo timangoziona zitagona kale pamtumbira, maluwa ali pamwamba. Tsiku lonse ndinazungulira mzinda ndikunyoza aliyense, koma mwini khonde sindinamufunse mtengo umene akufuna.

"Ndikabweza mawa, amayi. Ndikatenga wamaluwa."

"Ayi, bzala pomwepo. Anzanga asadzavutike kukapempha masamba kumayadi."

Iwo anakayang'anitsitsa kamtengo kaja, kuyambira kunsonga mpaka m'dothi, ndipo mbali imodzi ya mlomo wawo inamwetulira koyamba chidwalireni.

"Koma kakadali kakhanda aka," anatero. "Sikangakwane ndi nkhata imodzi yomwe. Uzikathirira pang'onopang'ono, ndidikira kakule."